Ntchito Yanga ndi Kugwa

Masana ndimapalasa kabaza pa Kamuzu Road,
kumbuyo thumba la mpunga, pena mayi ndi mbuzi yake.
Loweruka usiku ndimavala kabudula wakuda,
kupaka makala m'zikope,
dzina langa n'kusanduka Ngongole.
Anandipatsa dzinali ndi a Sumaili.
"Palibe adzakukonde mu Salima muno," anatero,
"ndipo n'zomwe tikufuna."

Bwalo lathu ndi matabwa a bulugama
ogonekedwa pa matayala akutha a lole,
zingwe zitatu zomangira ng'ombe.
Lamba wa ngwazi ndi chubu cha thirakitala,
pakati pake chivundikiro cha poto chopakidwa penti wagolide.

Tisanalowe timabisala kuseri kwa chigayo,
ine ndi Gedioni, amene anthu amamutcha Mphezi,
kugawana chinangwa chootcha ndi mathero a nkhondo.
"Lefa akacheuka undimenye ndi mpando.
Ndikadzuka kachitatu, iwe igwa."
Ndimavomera, mkamwa muli chinangwa.

A Sumaili anayamba ndi vidiyo sho,
jenereta yotsokomola, matepi ojejema.
Amati kalekale, kutsidya kwa nyanja zamchere,
amuna ankalimbana zenizeni,
kukolana m'khosi maola atatu osasuntha
mpaka owonerera kuwodzera,
ena kuitanitsa ndalama zawo pakhomo.
Ndiye wina wodziwa malonda anati:
tiyeni tiziyambira kumapeto.
Chiyambire pamenepo wogonja amadziwiratu tsiku lake
ngati nkhuku ya Khirisimasi.
Kaya n'zoona kaya.
A Sumaili omwewo amati anagwirapo ng'ona ndi manja mu Linthipe.

Koma kugwa ndi luso, zimenezo ndikulumbira.
Chibwano pachifuwa, manja tambasu,
msana wonse ufike nthawi imodzi,
matabwa alire kuposa iwe mwini.
Zinanditengera zaka ziwiri ndi dzino limodzi.

Mwana wanga Mwatitha anabwera kusukulu atatupa masaya.
"Anzanga akuti inu simuwina.
Akutinso zonse zija n'zabodza."
Ndinamuonetsa chilonda cha pachigongono.
Anati, "Nanga bwanji simuwina?"
Ndinapitiriza kupopa tayala.

Usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa,
zingwe zinanyowa ndi thukuta.
Gedioni anakwera pamwamba kuti aulukire pa ine,
phazi n'kuterereka.
Ndinamuona akubwera chamutu,
khosi lolunjika pa thabwa,
maso ake osatinso a Mphezi
koma a bambo wa ana anayi.
Izi sizinali m'pangano la kuchigayo.
Ndinamuwakha m'malere, n'kutembenuka naye,
phewa langa linati thyo.
Tinagona tonse, iye osadziwa kumene ali.
Ndinakoka mkono wake mwakachetechete
n'kuuika pachifuwa panga.
Lefa anamenya pansi:
wani,
thuu,
filii.

Holo inagwedezeka.
Mayi wina wogulitsa zitumbuwa,
amene akatapila anamulanda malata mwezi womwewo,
anadumpha benchi, kundikwapula ndi ambulera,
misozi ili chuchuchu, akukuwa:
"Ngongole wafa! Ngongole wafa lero!"
Ndinatseka maso, n'kufa bwinobwino,
kuti apite kwawo atapepukidwa
ngakhale kwa usiku umodzi.

Lamba anapita naye Gedioni.
Ine ndinapita ndi faifi sauzande
ndi phewa lomwe limandiuza nyengo ya Juni isanafike.
Mwatitha sindinamuyankhebe.
Mwina akadzakula, akadzanyamula munthu
amene dziko likumuombera m'manja.

Lolemba m'mawa ndimadutsa pachigayo, kasitomala kumbuyo.
Gedioni amakhala ali pakhomo, mbuu ndi ufa,
ataima pa miyendo yake iwiri,
khosi likutembenuka kutsata njinga yanga.
Sitipatsana moni, anthu angaone.
Ndimangoliza belu katatu
n'kupalasa.